"Malo ongokhala" a ku Salima: dambo, gombe ndi nkhalango ndi za yani tauni ikamakula?

Mukachoka pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay masiku ano, muona zinthu zomwe kale kunalibe. Pamene panali milaza ndi tchire pakhomedwa zikhomo, mauvuni a njerwa akufuka utsi, ndipo pali mipanda yozungulira malo omwe mkati mwake mulibe nyumba ngakhale imodzi. Pa WhatsApp ndi pa Facebook otsatsa mapuloti sakupuma: pafupi ndi nyanja, pafupi ndi tala, mapepala onse alipo.

Kenako pamabuka mikangano yomwe timaimva pa wailesi ndi m'mabwalo a mafumu. Wogula akuti ali ndi kalata ya amfumu. Amayi omweta udzu akuti damboli ndi la tonse kuyambira makolo. Asodzi akuti njira yawo yopita kugombe yatsekedwa. A khonsolo akuti pamenepo sipanayenera kumangidwa. Aliyense akulankhula motsimikiza, ndipo womvera amatsala wosokonezeka kuti wolondola ndani. Msokonezo wambiri wagona pa mawu awiri omwe timawatchula osaganizira: malo ongokhala. Tisanakangane, ndi bwino tidziwe kuti malo amenewa ndi a mtundu wanji, anachokera kuti, ndipo amagwira ntchito yanji pamene ife tikuwaona ngati angokhala.

Malo a anthu onse n'chiyani?

Makolo athu sankagawa malo onse. Mfumu inkapatsa banja lililonse pomanga ndi polima, koma dambo lodyetsera ziweto, manda, msitu wotola nkhuni, chitsime ndi dooko la pamtsinje zinkatsala osapatsidwa munthu. Sikuti zinalibe mwini. Mwini wake unali mudzi wonse, kuphatikizapo ana omwe anali asanabadwe.

Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini kwa azungu omwe ankati anagula malo kwa mafumu. Apa m'pamene panayambira maganizo oti pepala limaposa mawu a mudzi. Titalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linagawa dziko patatu: malo a boma, malo a eni ake okhala ndi zikalata, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Ndondomeko ya malo ya 2002 inatsegula njira ya kusintha, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022.

Malamulo atsopanowa amalola banja kulembetsa munda kapena malo ake a makolo kuti likhale ndi chikalata. Koma malo a makolo omwe sanapatsidwe munthu, monga madambo ndi malo odyetsera ziweto, amawerengedwa ngati malo a anthu onse a m'deralo. Pogawa malo, gulupu sayeneranso kugamula yekha: pali komiti ya malo yomwe iye ndi wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi.

Chitsanzo chapafupi ndi mjigo wa pamudzi. Uli ndi komiti, ndipo wina amasunga kiyi. Koma wosunga kiyi sangadzuke m'mawa n'kugulitsa mjigowo kwa munthu wodutsa, chifukwa anamusungitsa chabe. Momwemonso mfumu, khonsolo ndi boma ndi osunga malo a anthu onse. Ndime 13 ya lamulo lalikulu la dziko lino la 1994 imanenanso kuti posamalira chilengedwe boma liziganizira ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo.

Tisasokonezenso zinthu ziwiri. Si malo onse achilengedwe omwe ndi a anthu onse, ndipo si malo onse a anthu onse omwe aliyense angalowemo mwakufuna kwake. Ku malo osungira nyama a Kuti, pafupi ndi boma la Salima, kuli mbidzi ndi nyama zina, koma kumalowedwa pachipata. Nkhalango ya Thuma ndi ya boma, koma simungadulemo mtengo popanda chilolezo.

Tauni ikafika pamudzi

Pali malo omwe si tauni kwenikweni komanso si mudzi. Mfumu ikadalipo, anthu akulimabe chimanga ndi mpunga, koma pakati pa minda pamera nyumba za malata za anthu ogwira ntchito ku boma, ndipo malo sakuyezedwanso ndi maekala koma ndi mamita. Malo otere ndiwo m'mphepete mwa tauni, ndipo m'pamene nkhani ya malo imatentha kwambiri, chifukwa malo amagulitsidwa pamtengo wa m'tauni pamene kagawidwe kake kakadali ka kumudzi.

Salima anakula chifukwa cha njira. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935, ndipo inapitirira kufika ku Lilongwe mu 1979. Msewu wa M14 wochokera ku likulu umakumana kuno ndi M5 wodutsa m'mbali mwa nyanja. Kuchokera ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, choncho kwa anthu a ku likulu, nyanja yapafupi ndi ya Senga Bay. Onjezerani sukulu ya asilikali ya MAFCO, fakitale ya shuga, malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka omwe anayamba ntchito mu 2021, ndi dooko la Chipoka. Pansi pa masomphenya a Malawi 2063, Salima pamodzi ndi Chipoka ali m'gulu la matauni asanu ndi atatu omwe boma likufuna akule kukhala mizinda.

Anthunso achuluka. Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 13 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa iwo pafupifupi 478,000 anali m'boma la Salima. Munda womwe agogo analima okha lero ukuyembekezeredwa ndi zidzukulu khumi. Minda ikatha kugawidwa, maso amatembenukira kudambo, kuphiri ndi kugombe, chifukwa kumeneko kulibe munthu mmodzi woti n'kuimirira n'kunena kuti apa ndi panga.

Dambo: chinkhupule cha mudzi

Dambo ndi malo otsika omwe madzi amadikha nthawi ya dzinja n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Chigwa cha Salima chili ndi madambo ambiri chifukwa madzi ambiri ochokera kumapiri a Dedza, Dowa ndi Lilongwe amathera kuno asanalowe m'nyanja. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amadutsa m'boma lino. Mvula ingagwe ku Dedza kuno kuli dzuwa, koma madzi ake adzatipeza ndithu.

Tengani chinkhupule chouma muthirepo kapu ya madzi. Chimamwa, ndipo madziwo amadontha pang'onopang'ono. Thirani madzi omwewo pa simenti, amathamanga nthawi yomweyo kufuna potsika. Dambo limachita ngati chinkhupule. Udzu, bango ndi dothi lakuda zimachepetsa liwiro la madzi, matope amatsala m'menemo m'malo mokathera m'nyanja, ndipo madzi ena amalowa pansi kukadzaza zitsime ndi mijigo ya midzi yozungulira. Munthu akathira dothi m'dambo n'kumangapo, madzi aja sasowa. Amangosamukira kwa wina, ndipo kawirikawiri amapita kwa amene nyumba yake ndi ya zidina.

Ndimakumbukira azakhali anga m'mwezi wa Juni, udzu utauma, akupita kudambo mbandakucha ndi chikwakwa. Pofika dzuwa pamutu anali atamanga mitolo itatu, miyendo ili yoyera ndi fumbi, manja atachekedwachekedwa. Mtolo umodzi unali wofolerera khitchini, iwiri yogulitsa kuti apeze sopo ndi mchere. M'dambo lomwelo anyamata ankavuula milamba m'matope madzi akaphwera, ng'ombe zinkapezamo msipu mu Okutobala kwina konse kutauma, ndipo m'mphepete mwake munali madimba a mpiru ndi tomato. Panalibe amene ankalemba lisiti ya zonsezi. Munthu wobwera ndi galimoto masana akanangoona udzu, n'kunena kuti malo ongokhala.

Dambo la Mpatsanjoka, kufupi ndi Senga Bay, limadziwika ndi mbalame zam'madzi ndi mvuu, komanso alimi a mpunga amalidalira. Dziko lapansi linazindikira kufunika kwa malo otere mu 1971 pamene mayiko anasayinirana pangano mumzinda wa Ramsar ku Iran. M'Malawi muno, nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wa panganoli mu 1997, ndipo dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire linalowa mu 2017. Koma madambo ang'onoang'ono a kuseri kwa nyumba zathu sali m'kaundula aliyense, ndipo ndi omwe amatha msanga.

Kunena zoona, dambo lili ndi zowawa zake. Limaswa udzudzu, ndipo malungo ku Salima si nkhani yongomva. M'madzi odikha mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mvuu zimadya mpunga usiku umodzi womwe munthu wauvutikira miyezi inayi. Wokhala pafupi ndi dambo akanena kuti bola likwiriridwe, amalankhula zomwe zamuonekera.

Gombe ndi njira yopitira kunyanja

Gombe ndi mchenga ndi malo onse omwe nyanja imafikako ikadzadza. Nyanja ya Malawi siikhala pamalo amodzi. Nthawi zambiri madzi ake amakhala pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, koma amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya zaka zingapo. Cha m'ma 1980 inakwera kwambiri. Kenako kunabwera zaka za chilala, nyanja inabwerera m'mbuyo, ndipo anthu anaona mchenga wouma n'kuyamba kumangapo. Mu 2024 inakweranso, ndipo tinaona zithunzi za malo ogona alendo ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja madzi ali m'mawindo. Akulu a kunyanja amanena mosavuta kuti nyanja yabwerera kwawo. N'chifukwa chake malamulo a zamadzi amafuna kuti m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje muzisiyidwa mpata wosamangapo.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi njira. Munthu akagula puloti yoyang'ana kunyanja amafuna bata ndi chitetezo, ndiye amamanga mpanda. Woyandikana naye amachitanso chimodzimodzi. Mipanda ikalumikizana, mudzi womwe uli kuseri kwake umapezeka kuti nyanja ikuoneka koma yosafikika. Mayi wochapa zovala, mwana wotunga madzi, msodzi wofuna pokocheza bwato ndi poyanika usipa pathandala, onse amazungulira mtunda wautali kufuna kanjira kotsala. Palibe amene anagula nyanja, koma wotseka njira watseka nyanja yomwe.

Anthu a kuno amadziwa kale kusunga chinthu cha onse. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse nthawi ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amatsatira malamulo a mfumu kuphatikizapo loletsa mowa pachilumbapo. Dongosololi lakhalapo kuyambira m'ma 1950, lamulo la boma la masiku ano lisanabwere. Chomwe chimaligwiritsa ntchito n'choti malire ndi odziwika, malamulo ndi odziwika, ndipo wolakwa amalangidwa anthu akuona.

Nkhalango, phiri ndi manda

Nkhalango za boma n'zakale. Thuma anatetezedwa mu 1926, ndipo lero muli njovu ndi njati, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife Action Group. Kumpoto kwathu, nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yokula masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Malo akuluakulu otere ali ndi alonda, mipanda ndi othandiza akunja.

Zomwe zili pangozi m'mphepete mwa tauni ndi zazing'ono: mitengo ya pa mapiri a Senga, nkhalango za m'midzi zomwe lamulo la nkhalango la 1997 limazivomereza, milambe ndi misangu ya m'minda, ndi manda. Yendani m'midzi yambiri ya Achewa, mupeza kuti mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, komwe kulinso dambwe. Yatsala chifukwa cha ulemu, osati chifukwa cha mlonda. Tauni ikafika, obwera sadziwa amene anagona m'mandamo, ndipo malire ake amayamba kudyedwa mzere umodziumodzi.

Mizinda yathu ikuluikulu inadutsa kale m'njira imeneyi. Phiri la Ndirande ku Blantyre linali ndi mitengo, ndipo inatha m'ma 1990. Pa phiri la Soche anthu anakwera ndi nyumba mpaka m'malo otsetsereka, ndipo namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Mvula ija inali yoopsa mwakuti ngakhale malo ena a mitengo anagumuka, choncho sitinganene kuti mitengo ikanaletsa zonse. Koma nyumba zikanapanda kukhala m'njira ya madzi, maliro sakanachuluka chotero. Ku Lilongwe zinayenda mosiyana pamalo amodzi: pokonza likulu latsopano m'ma 1970 anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Ilipo mpaka lero chifukwa inasiyidwa mzinda usanafike. Ikanati ifunidwe lero, ndalama zogulira malo amenewo sizikanapezeka.

Mtengo ndi phindu si chinthu chimodzi

Apa m'pamene pagona mutu wa nkhani. Mtengo ndi ndalama yomwe wogula amapereka tsiku limodzi kwa munthu mmodzi. Phindu la malo a anthu onse limabwera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kwa anthu ambiri omwe sadziwana: madzi a mu mjigo, mthunzi wa mu Novembala dzuwa la Salima likamawotcha ngati ng'anjo, malo osewerera mpira ana, nkhuni, mankhwala azitsamba, masawu ndi malambe, msewu womwe sunakokoloke. Mtengo umaoneka chifukwa umalowa m'thumba. Phindu limaoneka tsiku lomwe lasowa.

Zili ngati kugulitsa ng'ombe yamkaka. Ndalama ya tsikulo ndi yambiri kuposa ya mkaka wa mwezi wonse, ndipo ngati mwana ali m'chipatala palibe angakudzudzuleni. Koma kusiyana kwake n'koti ng'ombe mutha kugula ina. Dambo likakwiriridwa n'kumangidwa, lizi yake ikhoza kukhala ya zaka 99, ndipo madzi akatayika saoleka.

Pofuna kuti phindu losaonekali liziwerengedwa, lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziziyamba zaunikidwa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linati dziko lonse, osati mizinda yokha, liziyendera mapulani. Vuto n'loti dambo silitha ndi ntchito imodzi yaikulu yoti n'kuiunika. Limatha ndi mapuloti ang'onoang'ono makumi asanu, iliyonse yooneka yosalakwa payokha.

Ofuna kumanga nawo ali ndi mfundo

N'kosavuta kunena kuti tisunge chilengedwe uli ndi nyumba kale. Mphunzitsi yemwe wakhala pa lendi zaka khumi ndi zisanu akapeza puloti yotsika mtengo m'mphepete mwa dambo, sakufuna kuononga kanthu, akufuna pogona ana ake. Banja logulitsa gawo la malo limalipira fizi. Loji ya kunyanja imalemba ntchito achinyamata, imagula nsomba ndi ndiwo zamasamba kwa anthu a m'mudzi, ndipo khonsolo imatolerapo msonkho womwe ungakonze msika. Palinso ena omwe amakumbukira kuti malo otetezedwa ena anakhazikitsidwa pochotsa makolo awo, ndipo njovu zikatuluka kudzadya chimanga, amene amagona ndi njala si mlendo wodzajambula zithunzi. Tchire losasamalidwa pakati pa nyumba limasandukanso kotaya zinyalala ndi kobisala akuba.

Oteteza malowa amayankha kuti kusankha sikuli pakati pa kumanga ndi kusamanga, koma pomanga. Malo okwera alipo, ndipo tauni yomangidwa mothinana bwino, ya misewu ndi ngalande, imadya malo ochepa kuposa yomwazikana. Amakumbutsanso kuti alendo amabwera ku Senga Bay kudzaona madzi oyera, mbalame ndi zilumba za Maleri, zomwe ndi gawo la paki ya Lake Malawi yomwe UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Zimenezi zikaonongeka, loji nayo idzasowa alendo. Ine mtima wanga umawawa ndikaona dambo likukwiriridwa, koma sindingayang'ane mphunzitsi uja m'maso n'kumuuza kuti akhalebe pa lendi. Walira mvula walira matope, ndipo Salima analira chitukuko kwa nthawi yaitali.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Funso loyamba ndi la malire. Lamulo likuti dambo ndi la anthu onse, koma dambo limathera pati? Mu Febuluwale limafika pakhomo, mu Okutobala limabwerera kutali, ndipo wogulitsa puloti amaonetsa wogula mu Okutobala. Ndani adzayende ndi anthu a m'mudzi kukhoma zizindikiro zomwe aliyense angazione, ndipo ndalama yake ichokera kuti?

Nanga omwe anamanga kale? Ena anagula mosadziwa, atapatsidwa kalata yodindidwa bwinobwino. Akagwetseredwa nyumba, wowabwezera ndani: wogulitsa, wodinda kalata, kapena boma lomwe linaona maziko akukumbidwa osalankhula? Akasiyidwa, wotsatira adzaletsedwa ndi chifukwa chanji? Ndipo kodi lamulo lidzagwira mofanana kanyumba ka msodzi ndi nyumba yosanja ya munthu wodziwika?

Pali funso la mphamvu za mafumu. Makomiti a malo sanakhazikike mofanana m'madera onse, ndipo mafumu ena anadandaula kuyambira pachiyambi kuti malamulo a 2016 akuwalanda udindo. Kodi Gogo Chalo ndi khonsolo adzagawana bwanji ntchito pamalo pomwe mudzi ukusanduka tauni, poti onse awiri amati ndi dera lawo?

Palinso funso la amene amalipira. Mudzi ukasunga dambo, opindula ndi tauni yonse ya kumunsi, koma udzudzu ndi mvuu zimatsala ndi mudziwo. Kodi pali njira yoti osungawo azipezapo kanthu, kaya kuchokera ku msonkho wa malo ogona alendo kaya kwina? Ndipo Salima ndi Chipoka zikadzakhaladi mzinda, ndi njira zingati zopita kunyanja zomwe zidzalembedwe pa mapu kuti ndi za aliyense, zotakata mokwanira kuti mayi wosenza beseni la usipa adutse osapempha chilolezo pageti?